Sofa ikutimezera akuluakulu

Pali kaphokoso kena kamene kafala m'nyumba za m'tauni masiku ano. Kamamveka bambo wa zaka 50 akafuna kudzuka pa sofa: "Eeeh! Mhhh!" Agwira apa, agwira apo, adzikankha n'kubwereranso, mapeto ake aimirira chopindika, dzanja lili m'chiuno, n'kumati ukalamba wafika. Ukalamba wake uti? Amayi ake akadali moyo kumudzi, ndipo m'mawa uliwonse amadzuka pamphasa osabuula, n'kutola khasu ulendo wa kudimba.

Chandiputa ndi chinkhoswe china cha Loweruka lapitali. Eni mwambo, pofuna kulemekeza ankhoswe, anatulutsa sofa ya pabalaza n'kuiika kutsogolo mu tenti. Anthu wamba tinakhala pa mipando ya pulasitiki. Itakwana nthawi yoti amalume a kuchikazi alankhule, nyimbo inatsitsidwa, anthu onse zii, maso kutsogolo. Amalume anali atamira. Maondo ali m'mwamba, jekete yakwera mpaka m'makutu. Anyamata awiri anathamanga n'kuwakoka manja ngati akuzula chinangwa. Kumbuyo kwanga wina ananong'ona kuti mwina alawako pang'ono. Sanalawe kanthu akuluwo. Anangopatsidwa mpando woipitsitsa pamalo onsewo, ndipo anapatsidwa mwaulemu.

Ine ndi sofa sitimwerana madzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Timaigula pangongole, kuiyalira tinsalu toluka, kuthamangitsa ana kuti asaidetse, mlendo akabwera n'kumuloza pakona pofewa kwambiri. Amisiri a m'mbali mwa msewu nawo amapikisana pa kunenepa kwa siponji ndi kuwala kwa nsalu. Munamvapo wogula akufunsa kuti, kodi pokhalira pake m'potalika bwanji kuchokera pansi? Amangodziponya, kugwedeza mutu, n'kuyamba kunenerera mtengo.

Komatu nkhani yonse yagona pa msinkhuwo. Mpando wabwino wa munthu wamkulu umakhala wa masentimita 43 kapena kuposerapo pang'ono, woti ukakhala mapazi aponde pansi bwinobwino, chiuno chilingane ndi maondo kapena chiwapose. Sofa zathu zambiri ukakhala zimabonyoka, chiuno n'kutsika pansi pa maondo, ndipo pokhalira pake m'patali kulowa m'kati moti msana ukatsamira, mapazi ali lendelende. Kuti udzuke pamenepo, minofu ya m'ntchafu ndi ya m'matako iyenera kunyamula thupi lonse kuchokera m'dzenje, popanda polimba poti ukankhire. Minofuyo ikalephera, katunduyo amagwera msana ndi maondo. Kubuula kuja kumachokera pamenepo.

Kudzuka bwino kulibe matsenga, ndipo amene anachitako mafizo kuchipatala adzandivomereza. Choyamba sendera kutsogolo mpaka ukhale m'mphepete mwa mpando. Bweza mapazi m'mbuyo kuti akhale pansi pa maondo, otalikirana molingana ndi mapewa. Ukatero werama, koma kuweramako kuchokere m'chiuno, msana uli chiwongokere, mpaka mphuno ifike pamwamba pa zala za kumapazi. Apo thupi lasamuka kale, lachoka pampando lili pamapazi. Chatsala n'kuponda pansi mwamphamvu ndi kuwongoka, maso ali kutsogolo. Ngati mpando uli ndi mikono, kankhira pamenepo. Kulakwa kumene ambiri timachita n'kufuna kuimirira mapazi ali kutali kutsogolo, msana ukadali kumbuyo, ndiye timayamba kudzigwedeza kuti tipeze liwiro. Ena amakoka tebulo, tebulo n'kubwera ndi tiyi yemwe.

Pokhala pansi n'chimodzimodzi, kungotembenuza. Yamba wamva mpando kuseri kwa miyendo, werama pang'ono, tsika mwapang'onopang'ono. Kudziponya kuja kuti phii, kumene timakuyesa chizindikiro cha munthu wotopa ndi ntchito yolemekezeka, kumangosonyeza kuti ntchafu zasiya kugwira mabuleki.

Ndibwerere kwa anyamata ozula chinangwa aja, chifukwa mtima wawo unali wabwino. Munthu wachikulire sakokedwa manja. Phewa silinapangidwe kuti linyamule thupi lonse, ndipo kwa munthu amene anadwala sitiroko, kukoka dzanja lofookalo kungathe kugulula phewa n'kumusiyira ululu wa miyezi. Wothandiza aime pambali, dzanja limodzi kumsana cha m'chiuno, lina aperekere kuti akuluwo atsamirepo, awauze asendere kutsogolo, n'kudzukira limodzi. Akaimirira musawakankhire ku maikolofoni nthawi yomweyo. Munthu akadzuka mwadzidzidzi magazi amatsalira m'miyendo, mutu n'kuchita chizungulire, makamaka kwa okalamba ndi amene akumwa mankhwala a BP. Kamphindi kongoima chiimire kamakwanira kuti thupi libwerere m'malo.

Wina anena kuti ndakuza nkhani ya mpando. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo pa imfa za mwangozi, ngozi zapamsewu zokha n'zimene zimaposa pamenepo. Ochuluka mwa iwo ndi a zaka zopitirira 60, ndipo oposa 80 pa 100 alionse ndi a m'maiko osauka ndi apakatikati. Tonse tili ndi agogo ena amene anathyoka fupa la m'chiuno panyumba pomwe, osadzayendanso. Pamaliro timangoti anadwala nthawi yaitali.

Azachipatala ali ndi kamayeso kosafuna makina, kamene bungwe la CDC la ku America limalimbikitsa poona ngati munthu wachikulire ali pangozi ya kugwa. Amamukhazika pa mpando wolimba wa masentimita 43, manja atapingasa pachifuwa, n'kuwerenga kuti adzuka ndi kukhala kangati m'masekondi 30. Bambo wa zaka 60 mpaka 64 akalephera kufika ka 14, kapena mayi wa msinkhu womwewo ka 12, ndiye kuti miyendo yatsalira. Yesani madzulo ano, mpando utagunda khoma, inu a zaka 45 amene mumati mudakali anyamata. Musandilembere zotsatira zake.

Koma amene anandisangalatsa ndi dokotala wa ku Brazil, Claudio Gil Araújo. Iye ndi anzake anayesa anthu pafupifupi 2,000 a zaka 51 mpaka 80 powauza kuti akhale pansi penipeni, kenaka adzuke. Munthu ankayamba ndi mapointi 10, ndipo akagwira pansi ndi dzanja kapena kugwada ndi bondo ankamuchotsera imodzi. Zotsatira zinatuluka mu 2012: pa zaka pafupifupi 6 zimene anawatsatira, imfa pakati pa amene anapeza mapointi 3 kutsika m'munsi zinachuluka kasanu kapena kuposerapo poyerekeza ndi amene anapeza 8 kukwera m'mwamba. Si ula wolosera tsiku la munthu ayi, koma umaonetsa mphamvu ndi kufewa kwa thupi. Tsono taganizani, mayeso a ku Rio de Janeiro amenewa, amayi athu amawalemba tsiku ndi tsiku: posankha nyemba pamkeka, ponyonyomala pamoto, pochezera pasiwa usiku wonse. Pamaliro timaika abambo pa mipando, amayi pansi, ndipo mwambo ukatha taonani amene akudzuka msanga. Sindikuti amayi azikhala m'fumbi mpaka kalekale, imeneyo ndi nkhani ina. Ndikungoti mwendo umene sugwira ntchito umaiwala, ndipo ife amuna a kolala yoyera taiwalitsa yathu: kuchoka pabedi kulowa m'galimoto, kuchoka m'galimoto kukhala pa mpando wozungulira, madzulo kukamira kutsogolo kwa TV.

Sofa yanu musaitaye, ngongole yake simunamalize. Ana ndi achinyamata azikhalapo, maondo awo akadali atsopano. Koma agogo, apongozi kapena ankhoswe akafika, atulutsireni mpando wa patebulo lodyera uja, wolimba, wokhala ndi potsamira, ndipo ngati ulipo wa mikono ndiye bwino koposa. Inunso amisiri, kwezaniko miyendo ya sofazo ndipo muike siponji yolimba. Ogula adzadandaula tsiku loyamba lokha.