GT-R, Supra kapena 86? Tamvani za makaniko wa kudoko

 Uthengawu ndi wautali, ndiye amene bandulo yake ili m'malere awerenge kaye, magoli aonera mawa.

Lamulungu lija munakangana mpaka mdima nkhani ya GT-R ndi Supra. Ine ndinangoti duu chifukwa m'manja munali kabureta ya munthu amene amafuna kulowa m'madzi usiku womwewo. Koma dzulo msuweni wanga wa ku Joni wandiimbira. Wavutika zaka 6 akusunga ndalama, ndipo akuti za Polo kapena Sienta sakuzifuna, akufuna ya zitseko ziwiri yoti akaponda mtima uzigunda. Akuti, "Msuweni, iwe ndi makaniko, tandiuza." Ndiye apa si macheza a pa bawo ayi, pali thukuta la munthu.

Ndikudziwa wina anena kuti aise, iwe ntchito yako ndi mainjini a maboti, za Porsche ukuzidziwira kuti? Zoona, ine chiwongolero cha GT-R sindinachigwirepo. Koma chichokereni ku Fomu 4 ndakhala ndikumasula mainjini tsiku ndi tsiku, ndipo usiku ndimawerenga za magalimotowa mpaka foni kuzima. Injini iliyonse imafuna zinthu zomwezo: mpweya, mafuta, moto, ndi njira yotayira kutentha. Kaya ili kumbuyo kwa boti la bambo anga, kaya ili mu galimoto ya ku Germany.

*Nambala ya hosipawa imanamiza*

Tonse kuno timadziwa kuti maboti awiri atha kukhala ndi Yamaha ya 40 yofanana, koma lina n'kulisiya linzake kutali. Lina matabwa ake amwa madzi, lanyamula chilimira chonyowa ndi anthu khumi. Linalo ndi lopepuka. Hosipawa ndi yomweyo, katundu ndiye wosiyana.

Taonani tsono. BMW M2 yatsopano ija inatuluka ndi hosipawa 453, koma imalemera kupitirira makilo 1,700. Toyota GR Supra ili ndi 382 pa makilo pafupifupi 1,540. Nissan Z yatsopano ili ndi 400 pa makilo pafupifupi 1,600. Porsche 718 Cayman GT4 ili ndi 414 pa makilo 1,420 chabe. Tengani foni mugawe nokha. Hosipawa imodzi ya M2 ikukoka makilo pafupifupi 3.8, ya Supra ndi ya Z makilo 4, ya Cayman makilo 3.4. Ndiye kuti Cayman, imene pa pepala ikuchepa kwa M2 ndi hosipawa pafupifupi 40, ndiyo yanyamula katundu wochepa. Ndipo oyesa magalimoto ku America atayeza Supra ndi Z za otomatiki, Supra ndiyo imafika msanga pa 100, ngakhale nambala yake ndi yochepa.

Komanso kulemera sikuonekera pothamanga pokha. Pokhota ndi poima ndi pamene makilo amakulipiritsa. Boti lodzaza usipa silikhota ngati lopanda kanthu, eti? Galimoto yolemera imadya matayala ndi mabuleki, ndipo matayala a magalimoto amenewa si a pa msika wa Lachiwiri.

*GT-R: ulemu wake tiupereke*

Anyamata a GT-R simukunama. R35 itatuluka mu 2007 inachititsa manyazi magalimoto odula kuposa iyo. Injini yake ndi V6 ya malita 3.8 yokhala ndi ma turbo awiri. Poyamba inali ndi hosipawa 480, m'zaka zomaliza inafika 565. Injini iliyonse inkamangidwa pamanja ndi mmisiri mmodzi ku Yokohama, ndipo dzina lake ankalikhomera pa injinipo. Ine monga makaniko zimenezo zimandigwira mtima. Imakoka ndi matayala onse anayi, giyabokosi yake ili kumbuyo kuti kulemera kugawike bwino, ndipo ikanyamuka imachoka ngati mwala wa pa legeni.

Koma msuweni, mvetsa. Galimoto imeneyi ndi kompyuta yovala matayala. Imalemera kupitirira makilo 1,700, ilibe giya ya pamanja, ndipo giyabokosi yake ya maklatchi awiri ikadwala, si ya pansi pa mtengo wa mango. Nissan inasiya kupanga R35 mu 2025, ndiye amene ali nazo sagulitsa motchipa. Ukaipeza yotchipa, dziwa kuti mwini wake akuthawa kanthu. Kuno timati injini yotchipa imakuzimira pakati pa nyanja mwera ukubwera.

*Supra: ikuluikulu ndi iti?*

Apa ndi pamene mkangano wathu unasokonekera, chifukwa ena mumanena Supra ina, ena ina.

Supra imene tonse tinaikonda mu filimu ya The Fast and the Furious ya mu 2001, yaolenji ija, ndi ya m'badwo wachinayi, yopangidwa kuyambira 1993 mpaka 2002. Mtima wake ndi 2JZ-GTE: masilinda 6 ondondozana mu mzere umodzi, malita 3, ma turbo awiri, buloko yake ya chitsulo chenicheni osati aluminiyamu. Ku Japan ankailemba hosipawa 280 chifukwa makampani a kumeneko anagwirizana kuti asamalembe kupitirira apo, koma injiniyo anaimanga yolimba kuposa ntchito yake. N'chifukwa chake anthu amaiwonjezera mphamvu kawiri, iyo osadandaula. Ndi nzeru yomweyo ya Enduro yathu: chitsulo chochuluka, zinthu zosavuta, mphamvu yosafinyidwa mpaka kumapeto.

Supra ya mu 2019 ndi nkhani ina. Injini yake ndi B58 ya BMW, ndipo inamangidwa ku Graz, dziko la Austria, mu fakitale imodzi ndi BMW Z4. Ena amainyoza kuti ndi BMW yovala malaya a Toyota. Ine sindinyoza. B58 ndi injini yabwino, ndipo masilinda 6 a mzere umodzi ali ndi khalidwe limene V6 ilibe: mapisitoni amayenda mogwirizana moti kunjenjemera kumathetsana kokha. Mu 2022 anaikamonso giya ya pamanja anthu atalira kwambiri. Koma pogula uzidziwa kuti sipeya zake zambiri ndi za ku Germany, ndipo mtengo wake ndi wa ku Germany. Baji ya Toyota isakupusitse kuti udzagula fyuluta pa shopu yomwe timagula za Probox.

*Porsche: abale athu a injini kumbuyo*

Kkkk apa musaseke. Porsche 911 ndi galimoto imene inatengera boti: injini ili kumbuyo kwenikweni, kupitirira matayala a m'mbuyo. Mukudziwa mmene mphuno ya boti lopanda katundu imadzukira ukakoka mafuta? 911 nayo kutsogolo kumapepuka, kumbuyo kumagwira pansi mwamphamvu. Ponyamuka ndi zabwino, koma zakale zija ukachotsa phazi pakati pa kona, kumbuyo kumafuna kupitirira kutsogolo. Mainjiniya awo akhala akulimbana ndi khalidwe limeneli kuyambira m'ma 1960.

Cayman ndiye anaikonza mwanzeru: injini ili pakati, kuseri kwa mpando wa dalaivala. Ndi mmene bambo anga amapakirira boti, katundu wolemera pakati komanso pansi. GT4 ili ndi masilinda 6 ogona, malita 4, yopanda turbo, imalira mpaka 8,000 pa mphindi. Mukandifunsa galimoto ya m'maloto anga, ndi imeneyo. Koma monga munthu wogwira sipanala, ndikaganiza zoti injiniyo sungaione potsegula boneti, kuti uifikire uyambe wachotsa zophimba m'kati kapena kukweza galimoto m'mwamba, msana umandipweteka ndisanayambe n'komwe.

*Imene ndamuuza msuweni*

Tsopano tibwere pansi. Ndalama za msuweni sizifika pa GT-R kapena Cayman. Pa mndandanda wake pali zitatu zogwiritsidwapo kale ntchito: Toyota 86, Nissan 370Z, ndi ina ya ku Germany ya ma turbo awiri imene yayenda mtunda wautali koma mtengo wake wagwa mochititsa kaso.

Ndamuuza kuti atenge 86. Ndikudziwa, pompano wina walemba kale kuti "imeneyo ndi yofooka". Eya, pa manambala ndi yomaliza. Inatuluka mu 2012 ndi hosipawa 200 kuchokera mu injini ya malita 2 yopanda turbo. Pa msewu woongoka Golf GTI ikhoza kuisiya. Ya m'badwo wachiwiri, GR86, ili ndi malita 2.4 ndi hosipawa 228, ndipo inakonza vuto la yoyambayo lofooka pakatikati injini isanakwere. Sindikubisa kanthu.

Koma taonani zimene Toyota ndi Subaru anachita. Anatenga injini ya masilinda 4 ogona chammbali, awiri uku awiri uku, n'kuikhazika pansi kwambiri. Anasunga kulemera pafupifupi makilo 1,250. Mphamvu anaipititsa ku matayala a m'mbuyo, giya ya pamanja ya magiya 6. Ndiyeno dala anaiveka matayala opyapyala, a mtundu womwe amaika pa Prius ina, kuti dalaivala azimva galimoto ikusuntha pansi pake pa liwiro loti munthu n'kupulumuka. GT-R kuti ikusangalatse uyenera kufika pa liwiro loti ukalakwitsa kamodzi, kwanu kuli chisiwa. 86 imakusangalatsa pa kona ya 60.

370Z si yoipa ayi. V6 ya malita 3.7, yopanda turbo, hosipawa pafupifupi 330, yolimba. Akanakhala ndi ndalama ya petulo yosawerenga ndikanamuuza imeneyo. Koma imamwa, ndipo tsiku lodzafuna kuilowetsa kuno kwathu, msonkho wa galimoto umayang'ana kukula kwa injini ndi zaka zake. Malita 3.7 si malita 2.

Yachitatuyo ndamuletsa. Osati chifukwa anthu a ku Germany sadziwa ntchito, amaidziwa kwambiri. Koma galimoto imene inali yodula ili yatsopano, mtengo wake wogulira umagwa, wa sipeya sugwa. Ndipo turbo ili ndi malamulo ake. Imakankhira mpweya wambiri mu silinda, kutentha kumakwera, ndiye imafuna petulo wabwino, oyilo wabwino wosinthidwa pa nthawi yake, ndi madzi oziziritsa osaphonya. Injini ya boti ili ndi mwayi, imamwa madzi a m'nyanja kudzera pa impela n'kuwalavula, nyanja yonse ndi ladiyeta yake. Galimoto ya turbo mu Okutobala ku Mangochi ilibe mwayi umenewo. Nanga mafuta akasowa, tonse timathamangira a m'zigubu. Ine ndatsukapo makabureta osawerengeka opezeka ndi madzi komanso zinyalala za mafuta amenewa. Ya boti ndimatsuka, ndipukuta mapulagi, mawa ili m'madzi. Ma injekita ndi pampu ya galimoto ya turbo zikamwa zomwezo, ndalama yake ndi ya injini ya boti yathunthu.

86 nayo imafuna petulo wabwino, musati ndabisa. Ndipo mapulagi ake ali m'mbali mothina, makaniko amatukwana posintha. Komanso ndi yotsika, pafupifupi masentimita 13 kuchokera pansi, moti pa mahampu ndi m'maenje a M5 izidzayenda chopendekera ngati nkhanu, ndipo njira ya mchenga yotsikira kudoko kwathu isaiyerekeze n'komwe. Izi ndamuuza zonse. Koma mwa zitatuzo, ndi yokhayo imene akaigula adzatsala ndi kanthu m'thumba koti aisamalire, n'kutumizako ya feteleza kwa azakhali.

Wina anandifunsa kuti nanga chikoka? Atsikana ndi anyamata a pa tawuni adzatembenuka? Msuweni ali ku Joni, akudziwa bwino kuti kumeneko galimoto imene anthu amaiimirira ndi gusheshe, BMW 325iS yakale ija ya ma spin. Hosipawa yake ndi pafupifupi 200, monga 86 yomweyi. Yopepuka, yokoka kumbuyo, giya ya pamanja. Anthu amaikonda chifukwa cha mmene imamvera dalaivala wake. Imeneyo ndiye mfundo yanga yonse.

Chomaliza, magaye. Paul Walker, amene anatiphunzitsa tonse kukonda Supra, anamwalira mu 2013 mu Porsche Carrera GT pa msewu wamba ku California. Sanali kuyendetsa ndi iye, amayendetsa mnzake wodziwa mipikisano. Ngati zinakanika kwa oterowo pa msewu wosalala, nanga ife pa msewu wa mbuzi, akabaza ndi ana a sukulu? Bambo anga amati amene amadziwa nyanja si amene amathamanga, ndi amene amabwerera kudoko. Ndamuuza msuweni kuti akafuna kuiyesa mphamvu, ku Joni kuli mabwalo ake a mipikisano, alipire akazungulire kumeneko.

Ndiye mndandanda wanga ndi uwu. Ya m'maloto: Cayman GT4. Ya ulemu: Supra ya 2JZ. Yoopsa pa liwiro: GT-R. Yogula ndi ndalama ya thukuta lako: 86.

Amene sakugwirizana nazo ayankhe, koma abwere ndi manambala, asabwere ndi ma video a TikTok. Ine mundipeza kudoko m'mawa, pali 15 ya munthu ikukana kutulutsa madzi, ndikuganiza impela yatha. Tumizani kwa anzathu a ku Senga Bay, ku Nkhotakota ndi ku Msaka, nawonso atiuze zawo.