Mlandu wa Oweruza Buku Asanalitsegule

Abale, ku America ndi ku Ulaya kuli mtundu wa nthano zimene alembi apeka za masiku a m'tsogolo, za zombo zouluka kunka ku nyenyezi, ndi za anthu okhala m'maiko a kuthambo. Zina mwa nthanozi zinena za cikondi ca mwamuna ndi mwamuna mnzace, ndipo pa zimenezi owerenga akangana zaka zambiri. Ciphunzitso ca Mpingo pa za ukwati mucidziwa nonse, ndipo siticikhudza pano. Mlandu umene tiutula lero ndiwo wa owerenga amene aweruza buku asanalitsegule.

M'caka ca 1953 Theodore Sturgeon anasindikiza nthano yochedwa The World Well Lost. M'menemo alendo awiri afika pa dziko lino kucokera ku dziko lochedwa Dirbanu, ndipo anthu onse awakonda poona cikondano cao. Koma a kwao atumiza mau kuti awa ndi ocimwa, abwezedwe. Ndipo akulu a dziko lino abvomera, cifukwa afuna malonda ndi Dirbanu. Panjira mmodzi wa oyendetsa combo azindikira kuti alendowo ndi amuna okhaokha, nawacitira cifundo, nawathawitsa. Wowerenga kufikira kumapeto aona kuti nthanoyi ifunsa ngati nkololeka kugulitsa mlendo wothawira kwa iwe cifukwa ca phindu. Kodi funso lotere silikhudza Mkristu? Koma wakumva mphekesera yokha sadzakomana nalo konse.

Mkangano unakula pa mphotho yochedwa Hugo, imene owerenga eni ace aipereka mwa kuponya mavoti pa msonkhano wao wa caka ndi caka. Mu 2014 ku London mphotho ya nthano yaifupi inapita kwa John Chu. Iye anapeka dziko m'mene madzi agwa pa munthu ali yense wonena bodza, nalongosola mnyamata wa banja la ku China amene sakhoza kubisiranso akwao kuti akondana ndi mwamuna mnzace. Owerenga ena, odzicha Sad Puppies, anali kudandaula kuti mphotho zipita kwa nthano zolalikira maganizo, ndi kuti nthano zokondweretsa zisiyidwa. Mu 2015 iwo, ndi gulu lina lochedwa Rabid Puppies, analemba mndandanda wa maina, naitana otsata ao kusankha omwewo, kotero kuti maina ao anadzaza malo ambiri. Otsutsana nao anabwezera. Ndipo pa msonkhano wa ku Spokane, pamene oposa 5,000 anaponya mavoti, m'magawo 5 munalibe wolandira mphotho.

Tsono taonani cipatso cace. Alembi amene anagwira nchito miyezi yambiri anayesedwa ndi mbali imene anaimapo, ndipo zolemba zao zinaiwalika m'phokosomo. Tinenetsa kuti yense woponya voti cifukwa wapatsidwa mndandanda, ndi yense wokana buku cifukwa ca dzina la amene analiyamika, acimwa mofanana, angakhale aime mbali iti. Munthu wotere acita umboni pa cinthu cimene sanacione, ndipo lamulo lacisanu ndi cinai limtsutsa.

Wina adzati, Kodi ndiyenera kudya cakudya conse kuti ndidziwe cowawa? Iai, mbale. Palibe wakukakamizani kuwerenga nthano zotere, ndipo kholo licita bwino kusankhira ana ace mabuku. Koma mukasiya kuwerenga, musiyenso kuweruza. Nenani kuti, Sindinawerenge. Mau amenewa alibe manyazi. Ndipo mukawerenga ndi kutsutsa, tsutsani zimene zalembedwadi, osanyoza mlembi kapena anthu amene awalongosola, pakuti iwonso analengedwa m'cifanizo ca Mulungu. Kumbukirani Nikodemo, amene anaima yekha pakati pa Afarisi, nawakumbutsa kuti cilamulo cao comwe cifuna kuti munthu ayambe wamvedwa asanatsutsidwe.

Makolo athu anadziwa ici mabuku asanafike. Pabwalo nyakwawa siigamula mlandu itamva mbali imodzi, ndipo mboni yonena zomva kwa ena aikhazika pansi. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Nanga ife amene taphunzira kuwerenga tidzacepa nzeru koposa iwo? Cizolowezi coweruza buku losaliona ndico comweco coweruza mnansi pa mau a kumtsinje, ndipo capasula maukwati ndi mipingo yambiri pakati pathu. Cifukwa cace, abale, pamene munthu adza nati buku lakuti nloipa, kapena munthu wakuti ngwoipa, mumfunse poyamba ngati anaona yekha. Akakana, musatenge mau ace kunka nao kwina.