Musanasirire damselfish, mudziwe kaye nkhani ya saulosi

Ambiri mwaonapo pa TikTok kansomba kabuluu kowala kakusambira m'thanki yagalasi, mumtima n'kumati: "Nanenso ndikanakhala nako!" Kambiri kamakhala ka mtundu wa damselfish, tinsomba ta m'nyanja zamchere tokhala m'matanthwe a korali. N'tating'ono koma taukali: tili ndi kadera kathu komwe timalondera, ndipo yaimuna ndiyo imasamala mazira pamwala mpaka aswe.

Koma tinene zoona, kusunga damselfish ku Nsaru kapena ku Kabudula n'kuzunza nsomba. Imafuna madzi amchere woyezedwa bwino ndi pampu yoyenda usana ndi usiku. Magetsi akathima, mpweya m'madzi umachepa, basi nkhani yatha.

Chodabwitsa n'chakuti nsomba zimene azungu amalimbirana tili nazo konkuno: mbuna za m'Nyanja ya Malawi. Nazo zimakhala m'miyala, zimadya ndere ndipo zimalondera dera lawo. Kusiyana kwake, mbuna yaikazi imasungira mazira ndi ana m'kamwa.

Vuto lagona apa. Mitundu yambiri ya mbuna imapezeka pa thanthwe limodzi lokha padziko lonse. Chitsanzo ndi saulosi, yomwe inapatsidwa dzina la katswiri wosambira wa kuno kwathu, Saulos Mwale. Yaimuna ndi yabuluu ya mizere yakuda, yaikazi ndi yachikasu, ndipo kwawo ndi ku Taiwanee Reef kufupi ndi chilumba cha Chizumulu. Anthu anaigwira mochuluka kukagulitsa kunja mpaka inatsala pang'ono kutha, moti anachita kuswetsa zina m'mathanki n'kukazibwezera.

Ndiye maganizo anga ndi awa: kusunga nsomba m'galasi si kulakwa, mumaphunzirapo bayoloje yeniyeni. Koma funsani wogulitsa ngati nsombayo inaswedwa m'thanki kapena inagwidwa m'nyanja. Akamazengereza kuyankha, musagule. Mukapita ku Cape Maclear ndi sukulu, musabwere ndi mbuna m'botolo. Ija ndi paki yotetezedwa kuyambira 1980. Ndipo nsomba ikakutopetsani musakaitaye mumtsinje wa Bua kapena m'dambo, chifukwa nsomba yachilendo imatha kubweretsa matenda kapena kulanda chakudya cha eni malo.

Mwina wina anena kuti kansomba kamodzi n'kachani. Saulosi inkachoka pa thanthwe lija imodziimodzi chimodzimodzi.