Ndege yopala madenga musaiombere m'manja

Tsiku lina pa msika wa Mandimba ndinapeza anyamata a njinga zamoto ataunjikana pa foni imodzi ngati nyerere pa fupa. Ankaonera kanema wa ndege yankhondo ya dziko lina ikudutsa pamitu pa anthu, pafupi kwambiri moti zipewa zinkauluka, fumbi lili koboo. Wina anati, "Ameneyu ndiye mwamuna!" Mnzake n'kuonjezera kuti mapiloto athu ndi amantha, amauluka patali ngati akuthawa ngongole. Onse anafa naco ciseko. Ine sindinaseke, ndipo ndikukana poyera kuti mcitidwe umenewu ndi camuna. Piloto wotsitsa ndege dala kuti anthu amugomere akuchova njuga, ndipo cimene waika pa mkeka ndi moyo wa anthu amene sanawapemphe.

Anyamata inu, funsani agogo anu ku Ngauma ndi ku Cuamba. Cuamba ankachedwa Nova Freixo, ndipo Apwitikizi anali ndi bwalo la ndege zankhondo kumeneko, Aeródromo Base 6. Pa nkhondo yomenyera ufulu, kuyambira 1964 mpaka 1974, kumva ndege ya T-6 ikubwera m'munsi sikunali kosangalatsa. Mai ankanyamula mwana n'kulowa m'chire, nsima ili pamoto. M'badwo umenewo umadziwa tanthauzo la ndege yotsika. Ife amene tinakulira mu mtendere wa 1992 ndi amene tayamba kuiona ngati gule.

Tiyeni tione zimene gule ameneyu anacita ku Italy. Pa 3 Fevereiro 1998, ndege ya asilikali a ku America ya mtundu wa EA-6B Prowler inanyamuka ku Aviano kukacita maphunziro. Lamulo linali loti isatsike kupitirira mamita pafupifupi 600. Iyo inalowa m'cigwa ca Cavalese ili pa mamita ongopitirira pang'ono 100, ikuthamanga makilomita 870 pa ola. Pa malopo pali ngolo yolendewera pa cingwe imene imakweza anthu phiri. Phiko linadula cingweco, ngolo inagwa, anthu 20 anafera pomwepo. Ndegeyo inabwerera ku Aviano, onse anai amene analimo ali moyo. Khoti la asilikali ku America linapeza woyendetsa, Richard Ashby, wosalakwa pa mlandu wakupha. Cimene anamangidwira pambuyo pake, miyezi 6 yokha, cinali kusowetsa tepi ya kanema imene ankajambula m'ndegemo. Mlandu wa tepi unapeza mwini wake, wa anthu 20 aja unasowa mwini.

Werengani nokha liwirolo. Makilomita 870 pa ola ndi mamita 240 pa sekondi imodzi, mabwalo awiri a mpira ndi kacidutswa, inu musanamalize kuchula dzina lanu. Pa liwiro lotere waya saoneka. Tsono yang'anani dziko lathuli: phiri la Mitucué laima pafupi ndi Cuamba, mapiri a ku Massangulo ali m'mbali mwa msewu wa N13, mawaya a magetsi ayenda kucokera ku Cuamba mpaka ku Lichinga, nsanja za mafoni zamera pa citunda ciliconse. Mwezi wa Setembro ndi Outubro utsi wa lupsa umaphimba mapiri mpaka munthu wapansi osaona bwino. Akabawi amazungulira pa msika uliwonse, ndipo mbalame imodzi yokha ikalowa mu injini, injiniyo ingathe kuzima. Ndege imene ili m'mwamba ikapeza vuto, piloto amakhala ndi nthawi yoganiza ndi malo okonzera colakwa. Imene ili pa madenga ilibe zonse ziwiri.

Koma mlandu waukulu sindikuuika pa piloto yekha. Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya Arthur Holland, amene anzake ankamuchula kuti Bud. Anali mkulu wa usilikali ku bwalo la Fairchild, m'cigawo ca Washington, woyendetsa cindege coponya mabomba ca B-52, ca mainjini 8. Luso anali nalo, palibe ankatsutsa. Kwa zaka zitatu ankaswa malamulo anthu akuona. Mu 1991 anazunguliza cindegeco pamwamba pa bwalo limene mwana wake wamkazi ankasewerapo. Mu Março 1994 anadutsa pa citunda cina pafupi moti ojambula zithunzi anabisala pansi. Asilikali ena anayamba kukana kukwera naye. Akuluakulu ankangomudzudzula pakamwa, osalemba kanthu, ndipo mkulu watsopano aliyense ankayamba naye ngati munthu wopanda mbiri.

Mkulu mmodzi, Mark McGeehan, anapempha kuti Holland aletsedwe kuuluka. Anamukanira. Pamenepo anaganiza kuti anyamata ake asakwerenso ndi munthu ameneyu pokhapokha iye mwini ali momwemo. Pa 24 Junho 1994, pokonzekera cionetsero, Holland anakhotetsa B-52 ali pa mamita pafupifupi 75 mpaka mapiko anaima cilili, lina kuloza pansi lina kumwamba. Phiko likaima motero silinyamulanso ndege. Inagwa n'kuyaka, anthu onse anai anafa, McGeehan ali m'gulu lomwelo, mkazi wake ndi ana ake akuona. Munthu amene anacenjeza ndi amene analipira. Akuluakulu athu amati wamisala anaona nkhondo, koma apa amene anaona nkhondo anali wanzeru, ndipo amene anatseka makutu anali ovala nyota.

Ndikudziwa cimene ena andiyankhe: msilikali ayenera kuphunzira kuuluka m'munsi, pobisalira adani ndi potula anzake, makamaka pamene ku Cabo Delgado kuli nkhondo kuyambira 2017. Zoona zimenezo, ndipo sindikunyoza nchito yao. Koma maphunziro otere amakhala ndi malo ake opanda midzi, mapu osonyeza mawaya, msinkhu woikidwiratu, ndi mkulu amene walamula. Kudutsa pamwamba pa sukulu kuti ana akuwe, kapena pa mudzi wa kwanu kuti apongozi adziwe kuti mkamwini ndi piloto, si maphunziro. Ndipo ngakhale wosadzionetsa nthaka siimukhululukira. Kutsidya kwa malire kuno, pa 10 Junho 2024, ndege ya asilikali a Malawi ya Dornier 228 inagunda phiri m'nkhalango ya Chikangawa, ndi kupha waciwiri kwa pulezidenti, Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Kumeneko kunalibe cionetsero. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza anapeza kuti ndegeyo inkauluka m'munsi nyengo ili yoipa, mapiri osaoneka. Ngati cifunga cokha cinatha kucita zimenezo, nanga woonjezera dala matama?

Pali cinanso cimene anyamata a pa foni aja sanaciganizire. Piloto wa ndege yankhondo amakhala pa mpando umene umamuponyera kunja zinthu zikavuta. Pa 27 Julho 2002 ku Sknyliv, m'dziko la Ukraine, ndege ya Su-27 inalephera kudzuka pamene inkacita masewera ake m'munsi, n'kugwera pa khamu la oonerera. Anafa anthu 77, mwa iwo ana 28. Mapiloto onse awiri anatuluka amoyo. Mai wogulitsa tomato pa msika wa Mandimba alibe mpando woterowo, ndipo denga la udzu likagwira moto mu Outubro silidikira madzi a pa mjigo.

Cimene ndikupempha n'cocepa. Pa 25 Setembro, tsiku la asilikali athu, kapena pa mwambo wina uliwonse, ndege zikabwera zidutse m'mwamba ndi kumbali, osati pamitu pa anthu. Mfumu, mphunzitsi kapena mlembi wa dera akaona ndege yapala madenga popanda cifukwa, alembe tsiku, ola ndi malo, apereke ku ofesi ya boma, ndipo afunse kuti kalatayo idindidwe. Madandaulo okhudza Holland anathera pakamwa kwa zaka zitatu.