Matope a ku Chia amachokera kumapiri

Ambiri a ife kuno kunyanja Chisepo timangoimva dzina. Ili kumtunda ku Dowa, kwa alimi a fodya, chimanga, soya ndi mtedza. Komatu usipa wathu amadyera nsima kumeneko, ndipo nkhokwe zathu zikatha mu Januwale, chimanga cha ku Dowa ndi Ntchisi ndicho chimatipulumutsa. Ife ndi iwo sitikumana. Amatikumanitsa ndi wavenda wa ku Lilongwe.

Likulu litasamuka ku Zomba mu 1975, Lilongwe wakula mpaka anthu pafupifupi 1 miliyoni pa kalembera wa 2018. Onsewo akufuna ndiwo, ufa ndi makala. Wogula ndowa ya usipa ku Senga Bay amatchula mtengo akuganiza za msika wa m'tauni, wogula soya ku Chisepo chimodzimodzi. Pano ndiye mzindawu ukufuna ndi madzi omwe, kudzawapopa m'nyanja ku Salima.

Sitikudana ndi tauni ayi, ndalama zathu zimachokera komweko. Chikutiwawa ndi ichi. Fodya akapanda kulipira bwino ku Kanengo, mlimi wa kumtunda amagwetsa mtengo n'kuotcha makala, ogula ali m'tauni. Mvula ikabwera dothi limatsetsereka. Limalowa mu Bua, momwe mpasa zimakwera kukaswana, limalowanso ku Chia, komwe madzi ake amachokera kumapiri a Ntchisi. Makala waotha wina, matope walandira msodzi.

Nanga tikadandaule kwa yani? Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa khonsolo iliyonse dera lake. Ya Nkhotakota ilibe mawu pa mitengo ya ku Ntchisi, ya Salima singalamule ku Dowa. Iliyonse imangodula tikiti pamsika wake basi.

Ife tikuti makhonsolo a Dowa, Ntchisi, Salima, Nkhotakota ndi mzinda wa Lilongwe azikhala pansi pamodzi, ndipo mzinda womwa madzi a nyanjayo uzisonkhako ndalama zobzalira mitengo kumtunda. Makhansala ndi aphungu athu tiwafunse zimenezi akabwera pamsonkhano.

Koma zina n'zathu zomwe. Magalimoto a usipa amadutsa pa Mvera, m'boma la Dowa momwemo, kuthamangira ku Lilongwe, nsombazo n'kubwereranso ku Mponela zitakwera mtengo. Makomiti athu a m'madoko atapangana ndi makalabu a alimi a ku Chisepo, galimoto lomwelo likhoza kupita ndi usipa n'kubwerako ndi chimanga.