Mlatho umadwala mwakachetechete: kodi akuumvera ndani?

Pa 14 Ogasiti 2018, mlatho wa Morandi mumzinda wa Genoa ku Italy udagwa mvula ikugwa, ndipo anthu 43 adataya miyoyo. Mlathowu, womwe udatsegulidwa mu 1967, udali wamtundu womwe msewu umakolekedwa pa zingwe zachitsulo zochokera pamwamba pa nsanamira zazitali. Zingwezo zidakutidwa ndi konkire, motero dzimbiri lidazidya mkati popanda diso kuona.

Ku Ntcheu kulibe mlatho wotere. Wina wodziwika m'chigawo chino ndi wa pa mtsinje wa Luangwa ku Zambia, pamsewu wochokera ku Chipata kupita ku Lusaka, womwe udatsegulidwa mu 1968. Komabe funso lomwe tsoka la ku Genoa lidadzutsa likutikhudza tonse: kodi tingadziwe bwanji kuti mlatho wadwala usanagwe?

Akatswiri masiku ano amamangirira timakina ting'onoting'ono, totchedwa masensa, pa zingwe ndi pa nsanamira. Amene adagwirapo bangwe kapena gitala amvetsa msanga. Nsambo yokungika imalira mosiyana ndi yokhwefuka. Chingwe cha mlatho nachonso chimanjenjemera mwa mtundu wake mphepo ikawomba kapena lole ikadutsa, ndipo chikayamba kufooka kanjenjemeredwe kake kamasintha. Masensa ena amamva kaphokoso ka waya mmodzi akaduka mkati mwa chingwe, ena amayeza kupendekeka kwa nsanamira. Zonsezi zimatumizidwa ku kompyuta usana ndi usiku. Nzeru yagona pa kusankha malo oyikapo masensawo, chifukwa ndi okwera mtengo ndipo sangayikidwe paliponse. Amayikidwa pomwe mlatho umalemedwa kwambiri ndi pomwe munthu sangafike kukayendera.

Chomvetsa chisoni nchakuti ku Genoa chenjezo lidalipo. Mu 2017 akatswiri a sukulu yaukachenjede ya Politecnico di Milano adayeza zingwezo ndipo adapeza zokayikitsa pa nsanamira ya nambala 9, yomwe idadzagwayo. Ntchito yokonza idali itakonzedwa, koma mlatho sudatsekedwe. Makina adalankhula, anthu ndiwo adachedwa.

Kwathu kuno mdani wamkulu ndi madzi. Mu 2003 madzi osefukira adawononga mlatho wa njanji pa mtsinje wa Rivirivi, womwe umachokera m'mapiri a Ntcheu, ndipo sitima zopita ku Salima ndi ku Lilongwe zidaima kwa zaka pafupifupi ziwiri. Mapiri akametedwa mitengo ndipo anthu akalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, madzi amatsika mwaukali nakumba pansi pa nsanamira. Pamwamba phula limaoneka bwinobwino, pansi dothi latha. Pali masensa oyeza kukumbika kotere, ndipo bungwe la Roads Authority likadachita bwino kuyamba nawo pa milatho ya msewu wa M1, pomwe malole olemera ndi mbewu za ku Lizulu ndi ku Tsangano zimadutsa tsiku ndi tsiku.

Timilatho ta kumidzi, tomwe ana asukulu, amayi opita kuchipatala ndi akatekisti apanjinga amawolokapo, sitidzaona masensa posachedwa. Pamenepo oyang'anira ndi anthu okhala pafupi. Mng'alu watsopano, chitsulo choonekera kunja kwa konkire, kapena dzenje pansi pa nsanamira madzi akaphwera, nzofunika kukanena kwa mfumu ndi ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kuti zikafike kwa mkulu woona za zomangamanga ku khonsolo dzinja lisanayambe.