Alendo a mitundu iwiri ku Johannesburg



Dzulo mdzukulu wanga anandifunsa ngati sunali mwayi waukulu kukhala mu Johannesburg pa nthawi ya World Cup mu 2010. Ndinaliko ndithu, patchuthi kwa mng'ono wanga ku Yeoville, ndipo yankho langa ndaona kuti nanunso mulimve.

Mzinda unasamba. Apolisi anali ngodya iliyonse, sitima ya Gautrain inali itangoyamba kuyenda, mavuvuzela osatilola tulo. Pa 11 June, Siphiwe Tshabalala atagoletsa chigoli choyamba polimbana ndi Mexico, ndinakumbatiridwa ndi munthu wosamudziwa, ine bambo wa ulemu wanga! Sindikana, zinali zokoma.

Koma mlendo amene anakonzeredwa zonsezi anali wa tikiti ndi ndalama zakunja. Amayi ogulitsa zakudya m'misewu analetsedwa kuchita malonda pafupi ndi Ellis Park ndi Soccer City, pakuti malowo anasungidwira makampani opangana ndi FIFA. Panalinso mlendo wina: Mmalawi wosamalira maluwa kwa bwana, Mzimbabwe woperekera mbale m'lesitilanti. Ameneyu ankanong'onezedwa m'mataxi kuti mpira ukangotha, aona zakuda. Sakanatenga mawuwo ngati nthabwala, poti mu May 2008 anthu oposa 60 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa obwera.

Usiku wa pa 2 July mzinda wonse unali kumbali ya Ghana, yokhayo ya mu Africa imene inatsala. Asamoah Gyan atawombetsa penate pamtengo, tinalirira limodzi ngati a bere limodzi. Pobwerera kunyumba, ndinapeza mlamu wanga atalongedza kale zikwama ziwiri, zili kuseri kwa chitseko. Zinakhala pomwepo kufikira Spain itanyamula chikho pa 11 July, ndi masabata ena pambuyo pake.

Ndiye maganizo anga ndi awa: mzinda usayesedwe ndi mmene walandirira mlendo wa mwezi umodzi. Kalata ya Yakobo, mutu 2, inatichenjeza kale za kupereka mpando wabwino kwa wovala mphete yagolide, wosauka n'kumuimika chilili.

Musathamangire kuloza chala ku Joni. Mu December 2022 Lilongwe inalandira ndi manja awiri achinyamata a masewera a Region 5. Mu May 2023, mu Lilongwe momwemo, othawa kwawo ochokera ku Burundi, Rwanda ndi Congo anakwezedwa m'magalimoto kubwezedwa ku Dzaleka, timagolosale tawo titatsekedwa. Ambiri a ife tinkagula sopo ndi mchere kwa iwo, ena pangongole. Ine ndemwe sindinatsegule pakamwa, ngakhale pa bwalo la akulu ampingo.